Ndikapanda kumwa diazepam sindingayankhule pagulu, ndisiye bwanji?

Uthenga uwu unabwera sabata yatha, ndaudula pang'ono komanso ndachotsamo zomwe zingamuulule mwini wake.

"Adokotala, ndine mnyamata wa zaka 28, ndimagwira ntchito ya ma akaunti ku Limbe. Chiyambire ku sekondale ndimaopa anthu, aphunzitsi akandiloza ndinkangoti kakasi olo yankho ndikulidziwa. Kuntchito Lolemba lililonse timakhala ndi miting'i ndipo aliyense amapereka lipoti, ine ikamayandikira nthawi yanga mtima umagunda ngati utuluka, manja kunjenjemera, thukuta mpaka shati kunyowa, mawu osatuluka. Zaka ziwiri zapitazo kuchipatala anandilembera diazepam wa 5mg kuti ndizimwa ndikapanikizika. Anandithandiza heve, koyamba m'moyo ndinayankhula bwinobwino. Koma pano ndikumwa 10mg katatu patsiku, daily, ndimagula kwa munthu wina wake popanda pepala, ndipo Loweruka ndimaonjezerako mowa. Mwezi watha ndinapita kumaliro kumudzi nditaiwala mapilisi, tsiku lachitatu sindinagone, kunjenjemera, m'khungu ngati mukuyenda nyerere, ndinaona ngati ndikupenga. Chinkhoswe changa chili mu Disembala ndipo chibwenzi changa sichikudziwa chilichonse. Kodi ndasanduka chidakwa cha mankhwala? Ndingosiya kamodzin'kamodzi? Nanga ndikasiya ndizikayankhula bwanji?"

Achimwene, ndisanapite patali ndiyankhe kaye funso lachiwiri lija poti mwina simuwerenga mpaka kumapeto. Ayi, musasiye kamodzin'kamodzi. Olo mutadzuka mawa mtima uli gwa kuti basi lero ndithana nazo, olo wina akuuzeni kuti mwamuna salira, pa 30mg patsiku kwa nthawi yaitali chonchi kusiya mwadzidzidzi kungakugwetseni ngati wa khunyu, ndipo pali anthu amene anatisiya chifukwa cha zimenezi. Pitilizani kumwa mlingo omwewo, osaonjezera osachepetsa, mpaka mutaonana ndi wachipatala sabata ino. Mowa wa Loweruka okhawo ndi omwe ndikufuna muusiye kuyambira lero, ndifotokoza chifukwa chake.

Ndipo simukupenga. Zomwe zinakuchitikirani kumaliro zija ndi thupi lomwe linazolowera mankhwala kenako n'kuwasowa, basi. Mwaona kuti zinayamba tsiku lachitatu osati loyamba? Diazepam amachedwa kwambiri kutuluka m'thupi, iyeyo ndi zotsalira zake zimatha kukhala m'magazi masiku angapo, nde tsiku loyamba munthu amaona ngati ali bwinobwino n'kumati aaa kani ndi zophweka, kenako lachitatu kapena lachinayi zinthu n'kutembenuka. Zoti ndinu chidakwa cha mankhwala, mawu amenewo ine sindiwakonda. Thupi la munthu aliyense, kaya m'busa kaya gogo wa zaka 70, likamwa diazepam tsiku lililonse kwa miyezi limazolowera, sikuti ndi khalidwe loipa ayi. Koma sindikunamizani kuti zonse zili bho. Kuchoka pa 5mg wa apo ndi apo kufika pa 30mg, kugula mobisa, kuonjezera mowa, izi zikundiuza kuti mankhwalawa ayamba kukulamulirani ndipo mukufunika munthu woyenda nanu, si za kuthana nazo nokha kuchipinda.

Ndivomerenso mbali yathu. Nditangoyamba ntchito ndinalemberapo anthu ambiri diazepam chonchi. Panja mzere wafika kumsewu, munthu walowa akuti mtima ukumandithamanga sindikugona, uli ndi mphindi zitatu basi, umalemba diazepam masiku asanu n'kuitana wina. Palibe yemwe amamuuza kuti awa ndi a masiku ochepa, palibe tsiku lobweranso. Nde mukamadziimba mlandu musasenze wonse, wina ndi wathu.

Tsopano za mantha enieniwo, poti ndiwo muzu ndipo anayamba kale diazepam asanabwere. Vuto lanuli lili ndi dzina, madokotala amati social anxiety disorder, ena amati social phobia, ndipo linalowa m'buku la matenda a maganizo la madokotala a ku America mu 1980. Nthawi zambiri limayamba munthu ali wachichepere, zaka za m'ma 13 chakuti, monga mmene mwanenera za ku sekondale. Kwathu kuno limabisala bwino kwambiri chifukwa mwana wosayankhula timamuyamikira, timati ndi wofatsa, waulemu, sayang'ana akulu m'maso, analeredwa bwino. Palibe cholakwika ndi ulemu. Koma waulemu amakhala chete chifukwa wasankha, ikafika nthawi yoyankhula amayankhula. Inu mumafuna kuyankhula koma pakhosi patsekeka. Ndili ndi funso lomwe ndimakonda kufunsa odwala anga ndipo ambiri amaseka mwamanyazi: munayamba mwapitirirapo siteji yanu mu minibasi chifukwa cholephera kukuwa kuti wotsika? Ambiri amavomera. Munthu wamkulu, wa digiri, kutsika masiteji awiri kutsogolo pomwe wina waimitsa, n'kubwerera wapansi dzuwa lili phwee, kungoopa kuti mawu ake amveke ndipo mitu itembenuke. Ena sadya pa ukwati, ena foni ikamaitana amangoiyang'ana mpaka idule kenako n'kulemba pa WhatsApp kuti sorry ndinali bize. Amenewo si manyazi wamba.

Chimene chimawasunga mantha amenewa kuti asathe ndi ichi. Mukalowa mu miting'i ija maso anu amachoka pa anthu n'kulowa mkati mwanu, mumayamba kudzimvetsera, mtima ukugunda bwanji, dzanja likunjenjemera kodi, mawu akumveka bwanji, ndipo m'mutu mumajambula chithunzi cha mmene mukuganiza kuti mukuonekera, munthu wonyowa thukuta womvetsa chisoni. Chithunzicho chimachokera ku zomwe mukumva m'thupi osati zomwe anthu akuona, koma inu mumachikhulupirira ngati galasi. Kenako mumayamba timachenjera todzitetezera, kuloweza lipoti liwu ndi liwu, kuwerenga mothamanga mutu uli pansi kuti zithe msanga, kuvala jekete mu Okutobala kuti thukuta lisaoneke, kukhala pakona, kugwira pepala mwamphamvu kuti lisagwedezeke pomwe kulimbitsa dzanjako ndi komwe kumalinjenjemeretsa kwambiri. Miting'i ikatha usiku mumaibwereza m'mutu ngati filimu, kusankha pokhapokha pomwe munakakamira. Akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, ndi omwe anazifotokoza momveka bwino zimenezi mu 1995, ndipo chithandizo chabwino chomwe tili nacho lero chinamangidwa pamenepo.

Nanga diazepam akulowa pati? Ndi wa banja la mankhwala otchedwa benzodiazepine, abale ake ndi lorazepam, clonazepam, bromazepam, alprazolam, mwina munamvapo maina a malonda monga Valium, Ativan, Rivotril, Lexotan ndi Xanax, onsewa ndi mtundu umodzi amangosiyana liwiro. Kampani ya Roche inatulutsa Valium mu 1963 ndipo anthu anamulandira ndi manja awiri chifukwa mankhwala ogonetsa akale aja ankapha mosavuta. Mu ubongo muli kanthu kena kotchedwa GABA komwe ntchito yake ndi ngati mabuleki, diazepam amaponda mabulekiwo mwamphamvu, pakatha mphindi 30 kapena ola mtima pansi, minofu yamasuka. Ndi mankhwala abwino zedi pamalo pake, mwana akamakomoka ndi malungo timathamangira iyeyu, munthu amene akusiya mowa ali ndi manjenje timampatsa iyeyu. Vuto ndi loti ubongo sukonda kupondedwa mabuleki tsiku ndi tsiku, umayamba kubwezera, umachepetsa mabuleki ake achilengedwe n'kuonjezera moto. Ndichifukwa chake 5mg uja anasiya kugwira, ndichifukwa chakenso mukamuchotsa mwadzidzidzi mumatsala ndi galimoto ya moto wambiri yopanda mabuleki pa mtsetse. Ku Britain anazindikira izi mpaka mu 1988 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala inalangiza kuti mankhwalawa aziperekedwa kwa masabata awiri mpaka anayi basi, pa nkhawa yoopsa yokha. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA mu 2020 linalamula kuti pa mankhwala onse a mtunduwu pakhale chenjezo lalikulu la kuzolowera ndi kuopsa kosiya mwadzidzidzi. Inu mwatha zaka ziwiri.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ine pa diazepam kwa munthu woopa anthu si kuzolowera kokha. Amakuberani phunziro. Mantha amatha ubongo ukaona okha kuti ndinalowa, ndinanjenjemera, ndinayankhula, ndipo palibe anafa, palibe anaseka. Mwakhala mu mamiting'i pafupifupi 100 zaka ziwirizi ndipo munayankhula monsemo, bwenzi pano mantha atachepa, koma nthawi iliyonse ubongo wanu umalemba kuti ndapulumuka chifukwa cha pilisi. Ulemu onse ukupita kwa pilisi, inu mukutsala mmene munalili ku Fomu 2, mwinanso kuposa, poti pano mwaonjezera mantha ena atsopano, oopa kupezeka pagulu mulibe pilisi m'thumba. Ndikukhulupirira mumasisita thumba musanatuluke pakhomo. Chikomekome cha mkuyu chimenecho, mkati muli nyerere.

Ndipo nkhawa ina yomwe mukumva masiku ano si yanu yakale ija, ndi ya mankhwalawo, mlingo ukamatsika m'magazi thupi limayamba kupempha, inu n'kumati matenda akukula ndionjezere. Palinso kuiwalaiwala. Munthu wa ma akaunti ngati inu mwina mwaona kale kuti mukumabwereza kuwerengera kawiri katatu, kapena bwana anakuuzani chinthu dzulo lero mulibe nacho m'mutu, chifukwa mankhwalawa amasokoneza kusunga zinthu zatsopano. Amachedwetsa maganizo ndi manja, nde ngati mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto dziwani kuti ngozi ili pafupi olo inu mukudzimva kuti muli bwino. Tulo mumagona koma si tulo tokhutitsa. Ena amangokhala zii, osasangalala osakhumudwa, chilakolako cha kuchipinda kuchepa, ena mpaka matenda okhumudwa. Kwa achikulire timaopa kugwa n'kuthyoka chiuno, ndipo amayi amene mukuwerenga nawo, ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa kanenetuni kuchipatala msanga chifukwa mankhwalawa amafika kwa mwana, akhoza kubadwa wofooka wovutika kuyamwa, koma nanunso osasiya panokha.

Za mowa zija. Mowa ndi diazepam amaponda mabuleki amodzimodzi, ndipo mabuleki amenewo akugwiranso kapumidwe. Munthu amagona, kupuma kumachepa, kapena amasanza ali m'tulo n'kutsamwa, m'mawa anthu n'kumati anagona bwinobwino. Diazepam payekha sapha kawirikawiri, akaphatikizana ndi mowa, tramadol, morphine kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndi pomwe timataya anthu. Ngati ndi Loweruka lokha monga mwanenera, siyani lero. Koma ngati zoona zake ndi zoti mumamwa tsiku lililonse ndipo munachita manyazi kulemba, kanenenitu zoona kuchipatala chifukwa kusiya mowa wa tsiku ndi tsiku mwadzidzidzi nakonso kumagwetsa. Chinanso, mapilisi ogula kwa munthu wina wakeyo simukudziwa kuti muli chani mkati, lero akhoza kukhala amphamvu mawa ufa okhaokha, nde olo mutafuna kutsika mwadongosolo simungadziwe pomwe mwaima. Ndipo ngati mukumwa ma ARV, makamaka okhala ndi ritonavir, kapena mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, nenani, oyambawo amapangitsa diazepam kuchulukana m'magazi pomwe achiwiriwo amamuthamangitsa msanga.

Ndikuuzeni za mayi wina yemwe sindimuiwala. Anamwa diazepam zaka zinayi, anayamba atamwalira amuna awo. Tsiku lina ku mapemphero a usiku anamva kuti wamasulidwa, atafika kunyumba anatenga botolo lonse n'kukhuthulira m'chimbudzi ana akuimba. Masiku awiri anali osangalala, ankachitira umboni. Tsiku lachisanu anagwa akuphika, mwendo unalowa pa mbaula. Anabwera naye kwa ife akuphupha, lilime ataliluma, chitenje chikununkha utsi, ndipo mwana wake wamkazi ankangobwereza kuti koma anachira, koma anachira. Sindikunyoza pemphero ayi, mayiyu patsogolo pake anasiyadi mankhwala ndipo amayi a kumpingo kwake ndi omwe ankamuperekeza ku kiliniki mwezi ndi mwezi. Koma zinatenga miyezi 11, osati usiku umodzi.

Nde kusiya kwake kumayenda chonchi. Poyamba timakhazikitsa mlingo, mapilisi ochokera ku famase yovomerezeka, nthawi zofanana tsiku lililonse, osati lero awiri mawa anayi malinga ndi mmene kwachera. Mukakhazikika timayamba kudula pang'onopang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a mlingo womwe mulipo, pakatha masabata awiri kapena kuposerapo. Kwa inu ndekuti sitepe yoyamba ikhoza kukhala theka la pilisi la 5mg, kuchoka pa 30 kufika pa 27.5, n'kudikira thupi livomere. Kumtunda kuno kumayenda bwino, kovuta ndi kumunsi mukafika pa 10 kapena 5mg, pamenepo masitepe amayenera kuchepa kwambiri ndipo anthu ambiri amagwa mphwayi pomwepo chifukwa amaona ngati atsala pang'ono athamange. Zikavuta timaima pa sitepe yomweyo kwa kanthawi, sitibwerera m'mbuyo ngati tingathe, komanso sitikakamiza. Mwayi wanu ndi woti muli kale pa diazepam, amene ali pa alprazolam kapena lorazepam nthawi zambiri timayamba tawasamutsira kwa diazepam chifukwa iyeyu amatsika mofatsa m'magazi. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi dokotala wina wa ku Newcastle, Heather Ashton, yemwe anayendetsa kiliniki ya anthu osiya mankhwalawa kuyambira 1982 mpaka 1994. Manambala ndapereka apawa ndi oti mudziwe kukula kwa ulendo, ndondomeko yanu yeniyeni akakulembereni amene akuonani maso ndi maso. Yembekezerani miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, mwinanso kupitirira. Mudzakhala ndi masiku osowa tulo, kukwiya msanga, kuwala ndi phokoso kukusowetsani mtendere, minofu kukoka, zimabwera n'kupita ngati mafunde ndipo sizitanthauza kuti mukubwerera m'mbuyo. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija muchepetse, chamba musayerekeze n'komwe.

Pomwe mukutsika tikhala tikumanga china pansi kuti musagwere pa dothi. Pa mankhwala, omwe amathandizadi vutoli kwa nthawi yaitali ndi a gulu la SSRI, monga sertraline, escitalopram ndi fluoxetine, womalizayu ndi amene amapezekako kawirikawiri m'zipatala zathu. Anthu amawadziwa ngati a matenda okhumudwa koma amagwiranso pa nkhawa. Ndikuchenjezeretu kuti mudzakhumudwa nawo poyamba chifukwa munazolowera chinthu chogwira mu mphindi 30, awa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti muyambe kuona kusintha, pena mpaka 12, ndipo sabata yoyamba nkhawa imatha kukwera kaye, nseru, mutu. Ndichifukwa chake timayamba ndi mlingo wochepa, ndipo kwa munthu wosakwana zaka 30 ngati inu timafuna tionanenso pakangotha sabata imodzi poti ena ochepa amabweredwa ndi maganizo odzivulaza kumayambiriro. Ena amachedwa kumaliza kuchipinda kapena chilakolako chimatsika, poti mukulowa m'banja ndaona kuti ndinene, zikachitika kanenani asinthe, osangosiya. Sapatsa chibaba ngati diazepam, simudzafuna kumaonjezera, koma nawonso posiya timatsika pang'onopang'ono, ndipo akagwira mumapitiriza miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Palinso propranolol, wa BP uja, amene amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja, amathandizako pa chochitika chimodzi ngati kuyankhula pa siteji koma mantha a m'mutu sawakhudza, ndipo wa mphumu asamwe.

Chithandizo chomwe ine ndimachiika patsogolo si pilisi konse, ndi chokambirana chotchedwa CBT. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, mu malangizo ake a 2013 linachiika poyamba penipeni pa vutoli, kukumana ndi mlangizi kokwana ka 14 m'miyezi inayi, ndipo linati ma benzodiazepine asamaperekedwe mwachisawawa pa matendawa. Musaganize kuti ndi kungocheza n'kuuzidwa kuti limbani mtima. Ndi ntchito, ya homuweki. Chitsanzo, mnyamata wina mphunzitsi ankalumbira kuti akamayankhula mutu wake umagwedezeka ngati wa nkhalamba ndipo aliyense amaona. Ndinamuuza ayankhule mphindi ziwiri za mmene amaphikira nsima pamaso pa manesi awiri, ine ndikujambula pa foni yake yomwe. Tisanaonere ndinamufunsa kuti pa 10, kugwedezekako kuoneka bwanji, anati 9. Titaonera anakhala chete, anabwezanso kachiwiri, kenako anati "koma uyuyu akuoneka ngati munthu wabwinobwinotu." Anamutchula uyuyu, ngati ndi munthu wina. Mutu sunkagwedezeka olo pang'ono, chomwe chinkaoneka ndi choti ankayang'ana pansi nthawi yonse, ndipo icho ndi chomwe tinagwirapo ntchito.

Mukhoza kuyambako nokha zina. Lembani zinthu khumi zomwe mumazipewa kuyambira chophweka mpaka choopsetsa, mwina pansi pali kupatsa moni mlonda wa pageti mokweza, kenako kufunsa mtengo mumsika wa Limbe n'kunenerera osagula, kenako kukuwa wotsika mu minibasi mutakhala mpando wakumbuyo, kuyankha foni ikangoitana, kufunsa funso limodzi mu miting'i, pamwamba lipoti la Lolemba opanda kuloweza. Musanachite lembani chomwe mukuopa kuti chichitika, mukatha lembani chomwe chachitikadi. Bwerezani chinthu chimodzi kambirimbiri mpaka chitayamba kukubowani musanakwere china. Koma chinsinsi chili apa, muchite mutasiya timachenjera tija, jekete muvule, mutu mudzutse, ndipo maso ndi makutu zikhale kunja, onani kuti bwana avala tayi ya mtundu wanji, ndani akusewera ndi foni, mudzadabwa kuona kuti theka la anthu mu miting'i ija akuganiza za lipoti lawo ndi ngongole zawo. Cholinga si choti musanjenjemere ayi. Njenjemerani, koma mumalize chiganizo. Ndipo musamwe pilisi loonjezera musanachite zimenezi, mukatero mwabwezanso ulemu kwa pilisi. Usiku filimu ija ikayamba, izindikireni kuti yayamba, dzukani muchite china, siinakuthandizenipo chiyambire.

Kopita kulipo. Poti muli ku Limbe, ku Queens kuli kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo zipatala za maboma zambiri zili ndi nesi kapena kilinikala ofisa wa za maganizo, mukafika funsani ameneyo mwachindunji. Kuli Zomba Mental Hospital, ndipo kwa a kumpoto ndi pakati kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe kulinso alangizi. Ndikudziwa kuti dzina loti mental limaopsa, anthu amaganiza za omangidwa maunyolo, koma ambiri omwe timawaona amabwera m'mawa atavala za kuntchito n'kubwerera ku ofesi 10 koloko. Odziwa CBT yeniyeni ndi ochepa m'dziko muno, sindikubisirani, nde mukapeza mlangizi mufunseni ngati mudzakhale mukuchita zoyeserera ngati ndafotokozazi. Akakuyezeninso BP, shuga, magazi komanso chithokomiro, chifukwa chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola chimabweretsa mtima othamanga, thukuta ndi manjenje zofanana ndi nkhawa, makamaka ngati mukuonda pomwe mukudya bwino.

Pali zina zosadikira tsiku la kiliniki. Mukakomoka kapena kuphupha, mukayamba kuona kapena kumva zinthu zomwe ena sakuziona, mukasokonezeka osadziwa komwe muli, mapilisi akakutherani mwadzidzidzi, kapena munthu wamwa mankhwalawa akakhala kuti sakudzuka ndipo akupuma mwapatalipatali, ndi za kuchipatala nthawi yomweyo olo pakati pa usiku. Chimodzimodzi maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo mupite tsiku lomwelo, mapilisi asunge wina. Simunatchule zimenezi mu uthenga wanu koma ndimafunsa aliyense, chifukwa munthu amene wakhala yekhayekha ndi mantha zaka 15 nthawi zambiri amakhalanso wokhumudwa.

Za Disembala. Mudzafika pa chinkhoswe mukumwabe diazepam, wocheperapo koma mukumwabe, ndipo palibe vuto, musapange tsiku limenelo kukhala malire oti ndikhale nditasiya chifukwa mudzathamanga n'kugwa. Ine ndikanakhala wokuonani bwenzi masabata awiri a chinkhoswe chisanachitike titaima osadula kanthu, n'kudzapitiriza zikatha. Komanso kumbukirani kuti pa chinkhoswe oyankhula ndi ankhoswe ndi a MC, inu ntchito yanu ndi kuzindikira mkazi wanu pakati pa ofundidwa zitenje aja, kumwetulira ndi kugwira mbale ya pelekanipelekani. Akakupatsani toast kapena botolo, Fanta.

Koma mayi amene mukumanga nawo banjawo muwauze, chinkhoswe chisanafike. Ndikudziwa kuti kwa munthu amene mantha ake onse ndi oti anthu andiona kuti ndine wofooka, ichi ndiye chili pamwamba penipeni pa mndandanda uja, kuposa lipoti la Lolemba. Koma miyezi ikubwerayi mudzakhala ndi masiku okwiya popanda chifukwa ndi usiku osagona, akapanda kudziwa adzaganiza kuti mwasintha maganizo pa iwo kapena kuli wina. Ndiponso mukufunika munthu wosunga mapilisi n'kumakupatsani a sabata imodzi imodzi, ndi wodziwa chochita mutagwa. Simukuyenera kufotokoza zonse tsiku limodzi, mukhoza kungoyamba kuti pali mankhwala omwe ndakhala ndikumwa chifukwa cha nkhawa, thupi lawazolowera, ndikufuna undiperekeze kuchipatala Lachinayi. Kapena apatseni foni awerenge okha yankho lino.

Popita kuchipatalako mutenge mapilisi onse omwe muli nawo m'mapaketi ake, buku lanu la kuchipatala lomwe analembamo 5mg woyamba uja ngati likadalipo, ndi kapepala komwe mwalemba zoona zokhazokha za masiku seveni apitawa, nthawi yomwe munamwa, angati, ndi mowa ochuluka bwanji. Mawu akakakamira pakhosi mukalowa m'chipindamo, ingoperekani kapepalako, ife tinazolowera kuwerenga.